Supuni ya Oilo ya a Jeremiya

Ku Kapelula aliyense amene anakhalapo ndi galimoto yokalamba amawadziwa a Jeremiya Mphepo. Galaja yawo musaiganizire ngati galaja ayi. Unali mtengo wa mango kuseri kwa chigayo, pansi pake pali bii ndi oilo wa zaka ndi zaka, moti ngakhale udzu unachita kusamukapo. Zida zawo zonse zinkakwana m'bokosi limodzi lachitsulo: masipanala osafanana mitundu, nyundo, pulayala yomangidwa ndi mphira, ndi supuni imodzi yodyera phala. Supuniyo inali ya akazi awo, a Ezelina. Anaibwereka kukhitchini tsiku lina amvekere abweza madzulo, ndipo panadutsa zaka makumi atatu madzulowo osafika.

Munthuyu analibe kwawo, ndipo sindikunena monyoza. Anafika kuno ali wamng'ono, pa lole imene inkatuta matenanti kuchokera kummwera kudzalima fodya wa bale pa esiteti. Makolo awo ankati kwawo ndi ku Thyolo, koma anamwalira onse awiri asanawaonetse mudziwo. Atakula, khasu linawakana, nawonso analikana. Analowa mu galaja ya esiteti nkukhalamo zaka makumi awiri ndi zisanu, akukonza mathirakitala, mapampu othirira nazale ndi galimoto za mabwana. A Ezelina anachokera ku Phalombe ali mtsikana, atatsagana ndi banja la amalume awo kuti adzasoke fodya chaka chimodzi chokha. Chaka chimodzicho ndi chimenechi chinawameretsa imvi ali ku Kasungu.

Esiteti itagwa, mwini wake anagulitsa malo nkusiya pikapu yoyera itakhala pamiyala, yopanda matayala. "Tenga, Jeremiya, ngati ungaidzutse," anatero. Anaidzutsadi. Pikapuyo inanyamula mabelo, odwala, maliro, mbuzi ndi akwati, ndipo chaka chilichonse a Jeremiya ankaisisita pa boneti nkuwauza akazi awo kuti iyi ndiyo idzawatengere kwawo ku Phalombe, malata ndi bedi ndi makina osokera zili kumbuyo. "Liti, bambo a Malita?" ankafunsa a Ezelina. Yankho linali limodzi lokhalokha: "Fodya akatha." Nanga ku Kasungu fodya amatha? Wa chaka chino asanachoke m'chigafa, nazale ya chaka chamawa yamera kale.

Anthu ankati a Jeremiya amaombeza injini, ndipo sankanama kwenikweni. Galimoto ikabwera ikufuka, iwo sankathamangira sipanala. Ankayamba afunsa kaye kuti utsiwo ndi wotani ndipo umatuluka nthawi yanji. Wakuda ankati ndi petulo wochuluka, nkhani yochepa. Woyera ngati nthunzi ankati madzi akulowa pamene sakuyenera. Koma wabuluu, wonunkha mafuta opserera, ndiye kuti injini ikudya oilo wake womwe. Ukamatuluka m'mawa pokha poliza kenako nkusiya, ankamuuza mwini galimoto kuti apume, ndi timphira ta mavavu chabe. Ukamatuluka tsiku lonse, makamaka pamtunda, ankatsegula potsirira oilo injini ikulira. Pakamatuluka mpweya kuti fu fu fu, ankapukusa mutu nkukuwa cha kunyumba: "Mayi a Malita, tabwerani!"

Pamenepo ndiye panali ntchito ya anthu awiri. A Jeremiya ankaisiya injini itenthe, nkuizimitsa, nkuchotsa waya wa moto, nkuzula mapulagi onse anayi. A Ezelina, amene sanayendetsepo galimoto chibadwire, ankapukuta manja pachitenje nkukhala pampando wa dalaivala, dzanja lili pa kiyi, phazi litapondereza mafuta mpaka pansi. Amuna awo ankatseka bowo la pulagi ndi chala chachikulu nkunena kuti, "Potozani." Injini yamoyo imakankha chala kuti phu! Yotha imangopumira pachala mofooka. Zikatero ankathira supuni imodzi ya oilo m'bowomo nkuyesanso. Maring'i ndi timikombero tachitsulo tozungulira pisitoni, totseka mpata kuti mphamvu isathawire pansi komanso oilo asakwere pamwamba. Akadyeka, supuni ya oilo ija imatseka mpatawo kwa kanthawi, ndipo chala chimakankhidwa mwamphamvu. Chala chikapanda kumva kusintha, vuto lili ku mavavu, tizitseko tolowetsa ndi kutulutsa mpweya mu injini. A Ezelina kiyi ankadziwa popotozera ndi posiyira osauzidwa, ndipo nkhope ya amuna awo ankaiwerenga kudzera pampata wa pansi pa boneti mwini galimoto asanamve kanthu.

Chimene chinkawapsetsa mtima a Jeremiya chinali chimodzi. Tsiku lina a Cornelius, mlimi wa ku Kaomba, anabwera ndi lole yawo yaing'ono ikufuka moti nkhuku zinabalalika. Supuni itanena zake, a Jeremiya anatsegula kabokosi ka fyuluta ya mpweya nkutulutsamo chidutswa cha chiguduli chopinda kawiri, chomangidwa ndi chingwe chosokera fodya.

"Ichi nchiyani, a Cornelius?"

"Aa, fyuluta inatsekeka, madala. Ndinati ndingoyendera kaye sabata imodzi mpaka ndipite ku boma."

"Sabata imodzi ya chaka chanji? Chiguduli nchokutira belo, bambo, si chosefera fumbi! Mwakhala mukuidyetsa mchenga injiniyi tsiku ndi tsiku, lero mukudabwa kuti maring'i atha? Inu anthu a fodya, chilichonse chiguduli. Denga likadontha chiguduli, mwana akazizidwa chiguduli, injininso chiguduli!"

Umu ndi momwe ankakalipira, ndipo anakalipira alimi ambiri, chifukwa kuno misewu ndi fumbi lokhalokha kuyambira Meyi mpaka mvula, pomwe fyuluta yatsopano uyenera kukaifuna ku boma. Chiguduli chili pakhomo lililonse.

Kenako zinafika zaka za makuponi a feteleza. Mwezi wa kalembera ukakwana, anthu a m'midzi ankakhala pabwalo kumva maina awo, wina nkubwerera akuvina, wina akutukwana. A Jeremiya ndi a Ezelina anapitako chaka choyamba atavala za kutchalitchi. Anawalandira bwinobwino, nkuwapatsa mpando, nkuwauza mwaulemu kuti m'buku la mudzi mulibe dzina lawo. "Inu ndi obwera, kalembetseni kwanu." Obwera! Munthu wakonza galimoto imene inanyamula maliro a theka la mudziwo, koma akadali wobwera. Chaka chachiwiri anapita a Ezelina okha. Chachitatu sanapite aliyense. Kamunda kawo kobwereka kanali ka mchenga, chimanga chopanda feteleza chinkafika m'chiuno nkuchita chikasu, pomwe cha anzawo kutsidya kwa mpanda chili biriwiri. A Ezelina ankapalira osayang'ana kumeneko.

Mu Seputembala wa chaka chimene ndikunenachi, foni inalira masana dzuwa likuswa mtengo. Anali a Consolata, mng'ono wawo wa a Ezelina, kuchokera ku Phalombe. Nkhani inali yachidule. Amalume agawa minda imene anasiya amayi. Munda wa kudambo ndi wa a Ezelina monga mwana wamkulu, koma abale akuti munda si wa munthu wa pafoni. Kalembera wa makuponi ndi Lachisanu la sabata yamawa. Akafika tsikulo lisanakwane, awalemba m'buku ndipo munda ndi wawo. Akapanda kufika, munda upita kwa amene ali pomwepo ndi khasu.

A Ezelina anabwera pansi pa mango nkuwauza amuna awo zonse ali chiimire. Anamaliza ndi kunena kuti, "Fodya watha, bambo a Malita. Tinyamuke Lachiwiri."

A Jeremiya anavomera ndi mutu, maso ali pa kabuleta imene ankatsuka. Mumtima munali zii. Pikapu yawo inali itayamba kufuka zaka zitatu zapitazo. Poyamba kanali kautsi kochepa pokwera mtunda, kenako anayamba kuyenda ndi chigubu cha oilo kuseri kwa mpando nkumathira paulendo uliwonse. Mapulagi ankawapala Lolemba lililonse, Lachitatu ali bii, onyowa. Ana a sukulu ankatseka mphuno ikamadutsa. Makaniko amene ankamva matenda a injini ya mnzake ikadali kuchigayo, yake sanaiyesepo nkamodzi komwe. Akazi awo akafunsa, ankati ndi timphira ta mavavu. Nthawi ina ankati wathira oilo wambiri, nthawi ina ankati petulo wa masiku ano ndi wosakaniza.

Sikuti sankadziwa. Ankadziwa bwino lomwe, ndipo galimoto yodwalayo inkawathandiza. Ku Phalombe akanakakhala ndani iwo? Mkamwini wa imvi, wosadziwa kuunda mzere, wodikira kuti akazi ake amugawire pokhala. Koma chachikulu sichinali chimenecho. Mwana wawo woyamba, Malita, anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, malungo atamugwira nthawi yothyola fodya. Anatsirizikira m'pikapu yomweyi, pamwendo pa amayi ake, bambo ake akuyendetsa, chipatala chili pafupi kuoneka. Anamuika m'manda a matenanti, kumapeto kwa esiteti pansi pa mabulugamu. Ana awiri obadwa pambuyo anakula nkumwazikana, wina ku Joni wina ku Mzuzu, koma makolowo anthu ankawaitanabe ndi dzina la Malita. Eni ake atsopano a malowo chaka chilichonse ankasendeza mizere kufupi ndi mabulugamu, ndipo mitumbira imene abale ake anabwerera kwawo kalekale inali italowa kale m'munda wa fodya. Wa Malita unatsala chifukwa Lamulungu lililonse akaweruka kutchalitchi a Jeremiya ankapita kukalambula nkukonza miyala. Thirakitala imalemekeza manda amene ali ndi mwini woonekera.

Masiku anayamba kutha. A Ezelina anamanga mitolo, nkuchotsa makina osokera pathebulo lake, nkugawa nkhuku kwa anzawo a chigwirizano. A Jeremiya anali kalikiliki ndi pikapu. Anamata matayala, anawotcherera chitseko chakumbuyo, anakonza nyali imene inafa chaka cha njala, anasoka ngakhale mpando. Boneti yokha sanaitsegule. Usiku tulo tinkavuta, m'mawa ankadzuka thupi lonse lili lende, atatopa asanagwire kanthu.

Lolemba m'mawa anailiza kuti aione. Utsi wabuluu unadzaza pansi pa mango mpaka mayi wina wopita kuchigayo anatsokomola nkunena kuti, "Koma abale!" A Jeremiya anaisiya ikulira, akunamizira kumanga galasi. Atacheuka anaona a Ezelina ataima pambali pa bokosi la zida, supuni ili m'manja.

"Yatentha mokwanira," anatero a Ezelina. "Zimitsani."

"Ndanena kale, mayi, ndi timphira ta..."

"Timphira timafuka m'mawa pokha. Mwakhala mukuwauza anthu zimenezo ine ndili apa zaka makumi atatu. Iyi imafuka mpaka dzuwa kulowa. Zulani mapulagi."

Sanadikire yankho. Anapukuta manja pachitenje, nkukwera, nkukhala pampando wosokedwa kumene uja, phazi pa mafuta. A Jeremiya anaima kanthawi akuyang'ana boneti ngati ya mlendo. Kenako anaitsegula. Anachotsa waya wa moto, nkuzula mapulagi limodzilimodzi, nkuwandandalika pachitsa. Onse anayi anali akuda, akudontha.

Anaika chala pa bowo loyamba. "Potozani." Injini inazungulira, mpweya unangowasisita pachala. Bowo lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu ndiye kunalibiretu kanthu, akanatha kutsekapo ndi tsamba la mango. Lachinayi linayesako pang'ono nkulephera. A Ezelina anatulutsa dzanja pawindo nkuwapatsa supuni. A Jeremiya anaidzaza oilo nkuthira m'bowo lachitatu lija. Anatsekapo ndi chala.

"Potozani."

Phu! Chala chinadumpha. Anathiranso m'mabowo ena atatu aja nkuyesa, ndipo lililonse linakankha ngati la galimoto yatsopano. Kiyi anasiyidwa iwo asananene kanthu. Pansi pa boneti panali maso awiri akuwayang'ana.

"Nenani," anatero a Ezelina. "Nenani ngati mmene mumawauzira a Cornelius."

"Ndi maring'i," anayankha a Jeremiya, mawu ali pansi. "Onse anayi. Mwinanso ndi makoma omwe adyeka. Iyenera kutsitsidwa injini yonse, ipite ku Lilongwe akaipale. Mwezi, kapena iwiri."

"Mitunda ya ku Dedza ikwera?"

"Yopanda katundu mwina. Ndi malata ndi bedi, ifera panjira."

A Ezelina anatsika. Anazungulira kutsogolo, nkumasula okha tizitsulo ta kabokosi ka fyuluta, chinthu chimene anali asanachitepo. M'katimo munali chiguduli chopinda kawiri, chofiira ndi fumbi, chobooka pakati, chomangidwa ndi chingwe chosokera fodya. A Jeremiya manyazi anawagwira mpaka m'makutu.

"Ndinakudulirani ndine chimenechi," anatero a Ezelina. "Chaka chimene anatikana makuponi koyamba. Munati sabata imodzi."

"Ndinaiwala."

"Simunaiwale. Inu simuiwala za injini. Munkadziwa kuti ikudya mchenga, ndipo munaisiya idye."

A Jeremiya anakhala pachitsa pambali pa mapulagi. Kenako anafunsa funso limene anakhala nalo zaka zonsezo osalitulutsa. "Nanga tikapita, Malita atsala ndi yani? Mvula imodzi yokha, adzalimapo fodya pamutu pake."

Akazi awo sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pansi pa dothi la oilo lija ndi chitenje chawo chabwino, nkuyankhula pang'onopang'ono. "Mukuyesa ine sindimuganiza? Anafera pamwendo panga mwana uja. Koma ndatopa, bambo a Malita. Ndatopa kupalira mchenga wa eni ake, ndatopa kutchedwa wobwera ndili ndi imvi. Malita sadya. Ine ndimadya, inunso mumadya. Ndikafa ndikufuna akandiike pamene thirakitala sifika."

Madzulo a tsikulo anapita onse awiri kumabulugamu. A Ezelina anazula tiudzu ndi manja, nkusesa ndi nthambi, nkugwada nthawi yaitali akunong'ona zimene amuna awo sanamve. Mizere yatsopano inali itafika mapazi khumi kuchokera pa miyala.

Lachiwiri m'mawa a Jeremiya anaperekeza akazi awo kumsewu, atasenza mtolo umodzi wa zovala ndi mapoto awiri. Bedi, malata ndi makina osokera zinatsala. Lole yopita ku boma itaima, a Ezelina anapisa m'chikwama nkutulutsa supuni ija, yotsukidwa mpaka kuwala. A Jeremiya anayesa kuti akupita nayo, poti inali yawo. Koma anawaikira m'thumba la ovolosi nkusisitapo. "Mukaitsitsa injiniyo nkuikonza, njira mukuidziwa," anatero. Anakwera, ndipo fumbi linawabisa lole isanafike pa chigayo.

Loweruka foni inalira. Anali a Ezelina. Anafika bwino Lachitatu, anawalemba Lachisanu, munda wa kudambo ndi wawo. Mawu awo ankamveka opepuka, ngati a mtsikana uja anabwera kudzasoka fodya. A Jeremiya anakondwa, ndithu anakondwa.

"Injini mwatsitsa?" anafunsa a Ezelina.

"Ndili ndi ntchito za anthu kaye. Nthawi ino aliyense akufuna galimoto yotutira feteleza." Kenako pakamwa pananena pokha: "Fodya akatha."

Anamva tambala akulira ku Phalombe, kenako foni inaduka.

Mvula inagwa, mabulugamu anaphukira, a Jeremiya ankapitabe Lamulungu ndi khasu lawo lolambulira. Pikapu inakhala pansi pa mango, boneti yotseka, mapulagi anayi ali m'chitini pampando. Tsiku lina mu Disembala kunabwera mphunzitsi wa ku Simlemba, a Fumbani, ndi kagalimoto kakale kofuka buluu. A Jeremiya anafunsa mafunso awo onse, anatsegula potsirira oilo, anamva fu fu fu. Anazimitsa injini, nkuchotsa waya wa moto, nkuzula mapulagi. Anaika chala pa bowo loyamba, nkukweza mutu cha kunyumba, nkukuwa monga mwa masiku onse: "Mayi a Malita, tabwerani!"

Chitseko cha nyumba chinali chotseka ndi loko amene anakhoma okha m'mawa. Anakhala choncho, chala chili pabowo, supuni ili m'thumba, akuyang'ana chitsekocho mpaka mphunzitsi uja anachita manyazi nkuyang'ana kumbali.

"Ndipotoze ine, madala?" anafunsa a Fumbani.

A Jeremiya anapukuta kumaso ndi mkono wa ovolosi. "Potozani, bambo," anatero. "Koma musasiye mpaka ndikuuzeni."